Batire Likagona Miyezi Yambiri: Zomwe Taphunzira ku Bangula

Unali usiku wa Lachitatu m'mwezi wa Epulo pamene mnyamata wina anatigogodera akupuma wefuwefu. Mlongo wathu wina wa mumpingo, yemwe anali woyembekezera, matenda anali atamuyamba masiku ake asanakwane. Ife a komiti ya zaumoyo sitinade nkhawa kwenikweni, chifukwa tinkadziwa kuti pakhomo pa a mkulu a mpingo pali galimoto. Mwana wawo amagwira ntchito ku Joni. Anabwera nayo pa tchuthi cha Disembala, ndipo pobwerera anaisiya, nati izithandiza pakagwa zadzidzidzi. Kuyambira Januwale inali itangoima pansi pa mtengo wa nimu, itafunditsidwa bwinobwino.

Dalaivala analowa napotokola kiyi. Galimoto inangoti tche-tche-tche, kenaka zii. Anayesanso kachiwiri, kachitatu, osatheka. Anyamata anati tiikankhe, koma inali ya otomatiki, yosalira ndi kukankha. Tinatha pafupifupi ola lathunthu tikuzungulira m'mudzi kufunafuna batire lobwereka. Mapeto ake mlongoyo anapita kuchipatala pa njinga yamoto, atakhala pakati, apongozi ake atamugwirira kumbuyo. Ambuye anatichitira chifundo: mayi ndi mwana onse ali moyo. Koma pobwerera usiku umenewo panalibe wolankhula. Mafuta m'galimoto analimo, matayala anali abwino, dalaivala analipo. Chomwe chinatsala pang'ono kutitayitsa miyoyo iwiri ndi kabokosi kakuda komwe panalibe anakayang'anapo kwa miyezi itatu.

Patangopita miyezi yochepa tinapunthwanso pa mwala womwewo. Batire la mpingo, limene timayendetsera zokuzira mawu pa msonkhano wa misasa, tinalipeza litafa m'kachipinda kosungiramo katundu. Linagulidwa chaka chathachi ndi zopereka za abale ndi alongo, ndipo linangogwira ntchito sabata imodzi yokha. Apa m'pamene tinaitana m'bale wathu wina yemwe ndi makaniko kuti atiphunzitse. Safunsa anadya phula. Zomwe tinaphunzirazo, pamodzi ndi zomwe takhala tikuziyesa tokha kuchokera nthawi imeneyo, ndi zomwe tikugawana nanu pano.

Batire kuno si la galimoto lokha

Kuno kuchigwa cha mtsinje wa Shire, makomo ambiri omwe ali ndi batire la galimoto alibe galimoto. Batire ndiye nyale ya ana powerenga usiku. Ndilo limatchaja foni yolandirira ndalama kuchokera kwa achibale akutali, ndilo limalizitsa wailesi. Ometa tsitsi, otchajitsa mafoni ndi oonetsa kanema pa msika wa Bangula amadalira lomweli magetsi akazima.

Amene tinaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu Malichi 2019, a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023, tikudziwa kuti foni yokhala ndi moto imapulumutsa. Chenjezo loti Ruo kapena Shire wakwiya limafika pa wailesi ndi pa foni, ndipo wotsekeredwa pa chulu kapena mumtengo amaitana bwato pa foni. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira ku Chikwawa, dziko linataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa miyezi yambiri ngakhale okhala m'nyumba za magetsi anabwerera ku batire ndi sola. Choncho nkhani ya kasungidwe ka batire ndi nkhani ya umoyo ndi chitetezo cha banja.

M'kati mwa bokosilo muli chiyani?

Batire la mtundu umenewu analitulukira ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwenikweni. M'kati muli zipinda 6. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi wamphamvu. Chipinda chimodzi chimatulutsa mavolti 2 ndi pang'ono, ndipo zonse pamodzi zimapereka mavolti 12.6 kapena 12.7 batire likakhala lodzaza.

Tikamagwiritsa ntchito moto wa m'batire, asidi uja amagwirana ndi mtovu n'kupanga zoyera zomwe zimamatirira pa mapuleti. Tikalitchaja msanga, zoyerazo zimasungunuka n'kubwerera m'madzi, batire n'kukhalanso lamphamvu. Koma tikalisiya lopanda moto kwa masabata kapena miyezi, zoyera zija zimauma gwa ngati nsima yogonera mumphika, ndipo sizisungunukanso ngakhale mutchaje usana ndi usiku. Umu ndi momwe mabatire ambiri amafera. Sakalamba ndi ntchito ayi, amafa ndi njala.

Chachiwiri chomwe ambirife sitinkachidziwa n'chakuti batire limataya moto lokha, ngakhale musalumikizeko kanthu. Kumalo kozizira bwino, kwa madigiri 20 mpaka 25, limataya magawo angapo pa 100 alionse pamwezi. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kutayako kumawirikiza pafupifupi kawiri. Tsono taganizani za Bangula mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yotseka mazenera mumatentha kuposa pamenepo. Malangizo olembedwa m'mayiko ozizira, oti batire likhoza kugona miyezi 6 osatchaja, kuno sagwira. Ngakhale m'bale wa ku Makwasa, kumapiri a Thyolo komwe kuli chipatala chathu cha Malamulo, akhoza kuliiwala batire lake nthawi yotalikirapo kusiyana ndi ife. Kutentha kumaumitsanso madzi a m'batire ndi kudya mapuleti, moti batire lokhalitsa pamalo otentha moyo wake umafupika.

Musanaliike padera

Ngati mukudziwa kuti batire likhala mwezi kapena kupitirira osagwira ntchito, chitani izi tsiku lomwelo, osati mawa.

Choyamba, lidzazeni moto. Batire lisalowe m'nyumba yosungiramo lili ndi njala. Ife tinalakwitsa pomwepa: msonkhano wa misasa utatha tinalinyamula lili lofooka n'kukalitsekera, poganiza kuti tidzalitchaja chaka chamawa.

Chachiwiri, onani madzi. Ngati batire lanu ndi la zitsekerero pamwamba, tsegulani chilichonse n'kusuzumira ndi tochi, osati ndi machesi kapena koloboyi. Madzi ayenera kumiza mapuleti onse, ndipo pa mabatire ambiri pali mizere iwiri m'mbali yosonyeza malire. Ngati mapuleti akuonekera, thirani pang'ono kuti amire musanatchaje, ndipo mukamaliza kutchaja onjezerani kufika pa mzere wapamwamba. Thirani madzi a batire okha, aja amagulitsidwa m'mabotolo m'masitolo a zipangizo za galimoto. Madzi a pa mjigo kuno ambiri ndi amchere, ndipo mcherewo umaononga mapuleti. Kuwiritsa sikuchotsa mchere. Asidi musaonjezere: chomwe chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Mabatire otseka, opanda zitsekerero, musawaboole.

Chachitatu, tsukani mitu yake. Zoyera kapena zobiriwira zomwe zimamera pamitu zimatchinga moto. Sungunulani supuni imodzi ya soda wophikira m'kapu ya madzi, tsukani mituyo ndi mswachi wakale, koma samalani kuti madzi a sodawo asalowe m'kati. Pukutani pamwamba ponse pauma, chifukwa fumbi lonyowa limatha kuyendetsa moto pang'onopang'ono pakati pa mitu iwiriyo. Pomaliza pakani Vaseline pang'ono pamitu.

Chachinayi, chotsani mawaya onse. Inveta, wailesi kapena tchaja ya foni yosiyidwa yolumikiza imayamwa moto ngakhale ikuoneka ngati yazima.

Chachisanu, sankhani malo. Pakhale pamthunzi, pouma, podutsa mphepo, kutali ndi moto wa kukhitchini, ndiponso posafika ana. Likhale choimirira, losapendekeka. Ambiri amati simenti imayamwa moto wa batire. Izi zinali zoona kale, mabokosi ake akadali a matabwa ndi zina zolowa chinyezi. A pulasitiki a masiku ano sayamwidwa ndi simenti. Komabe ife timati liikeni pa thabwa, pamalo okwera, osati poopa simenti koma poopa madzi. Kuno madzi amalowa m'nyumba usiku anthu ali mtulo.

Mwezi ndi mwezi

Kusunga batire si kulitsekera n'kuiwala. Ife tinagula kamita koyezera mavolti, ka mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi batire latsopano, ndipo kamayenda m'makomo mwa abale. Poyeza, batire likhale litapuma maola angapo, losatchajidwa ndiponso losagwira ntchito. Kamita kakawerenga 12.6 kapena kupitirira, ndiye kuti n'lodzaza. Pa 12.4 latsala ndi magawo atatu mwa anayi, ndipo nthawi yotchaja yakwana. Pa 12.2 lili pa theka. Likafika pa 12.0 kapena kutsikirapo, layamba kale kuonongeka. Thamangirani kotchajitsa tsiku lomwelo.

Ngati mulibe kamita, lamulo n'losavuta: tchajani kamodzi pamwezi mpaka lidzaze, makamaka kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika. Kutchaja kwa pang'onopang'ono, kwa usiku wonse kapena tsiku lonse, n'kwabwino kuposa kothamangitsa. Mukakhudza batire n'kumva kuti latentha kwambiri, kapena mukamva fungo la mazira oola, chotsani tchaja msanga.

Amene muli ndi sola, musalumikize panelo lalikulu molunjika ku batire. Pakati pakhale kontirola, kabokosi kaja kamadula moto batire likadzaza. Dzuwa lathuli, popanda kontirola, limawiritsa batire mpaka madzi kuuma. Koma panelo laling'ono lokhala ndi kontirola ndiye mlonda wabwino wa batire logona: limalisunga lodzaza chaka chonse.

Dziwaninso kuti batire la galimoto analipangira kutulutsa mphamvu yambiri kwa kamphindi kolizira injini, kenaka n'kudzazidwanso. Silipirira kukhetsedwa mpaka pansi usiku uliwonse. Ngati cholinga ndi nyale ndi wailesi, funsani batire la sola, lomwe mapuleti ake ndi okhuthala. Ngati muli nalo kale la galimoto, musadikire kuti nyale zichite kufiira. Lekani likafika pa theka.

Galimoto yosiyidwa pakhomo

Makomo ambiri kuno ali ndi galimoto kapena njinga yamoto ya mwana yemwe ali ku Joni kapena ku Blantyre. Galimoto ikaima, wotchi, wailesi, alamu ndi kompyuta yake zimapitiriza kudya moto pang'onopang'ono, ndipo m'masabata ochepa batire limakhala litafooka. A mkulu a mpingo aja anatiuza kuti m'masabata oyamba ankailiza kwa mphindi zisanu Lachisanu lililonse. Makaniko anapukusa mutu. "Bambo, pamenepo mumangotapa munkhokwe osabwezera," anatero. Kuliza injini kumatenga moto wambiri, ndipo mphindi zisanu galimoto itaima sizibweza wonse.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, galimoto iziyenda ndithu pamsewu kwa theka la ola kapena kupitirira, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Izi zimathandizanso matayala ndi mabuleki. Yachiwiri, ngati palibe woyendetsa, zimitsani injini, chotsani kiyi, masulani waya wa kumutu wa chizindikiro chochotsera (−), womwe kawirikawiri umakhala wakuda, n'kuupinda kuti usakhudze mutuwo. Ngati mukuchotsa batire lonse, yambani ndi wakudayo, wofiira (+) pambuyo. Pobwezera, yambani ndi wofiira, wakuda pomaliza. Chifukwa chake n'chakuti thupi lonse la galimoto n'lolumikizidwa ku waya wakuda. Mukayamba ndi wofiira, sipanala ikangokhudza chitsulo pamathetheka moto woopsa. Vulani wotchi yachitsulo musanayambe. Ndipo musalize injini m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete.

Galimoto yomwe mudzi ukuidalira ngati ambulansi isamasulidwe n'kuiwalika. Pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina yemwe udindo wake ndi kuonetsetsa kuti ikulira, ndipo sipanala yake izikhala momwemo.

Madzi akabwera

Nyengo ya mvula isanafike, mu Novembala, dzazani batire ndipo mudziwiretu pomwe mudzaliike madzi akayamba kukwera. Moyo ndiwo woyamba: musabwerere m'nyumba yomwe yazingidwa ndi madzi chifukwa cha batire. Ngati mpata ulipo wolinyamula popita kumtunda, linyamuleni choimirira, osati pamutu kapena pamsana, ndipo lisakhale pamodzi ndi ufa kapena zofunda. Ambiri omwe anakhala miyezi pa msasa wa ku ADMARC ya Bangula mu 2019 anabwerera kwawo n'kupeza zomwe anasiya zitakwiririka m'matope. Batire lomwe linamira, makamaka la zitsekerero, musalitchaje m'nyumba. Litsukeni kunja kwake, liumitseni, ndipo mupite nalo kwa makaniko akaliyeze kaye. Lomwe lang'aluka, latupa m'mbali kapena likudontha, ntchito yake yatha.

Asidi ndi mpweya wake

Pano tikulankhula monga a zaumoyo. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa haidirojeni, wosaoneka ndiponso wosanunkha, koma wophulika ukakumana ndi moto. N'chifukwa chake sitilola kutchajira batire kuchipinda chogona, pafupi ndi kandulo, mbaula kapena koloboyi. Tiyeni tisiyenso chizolowezi chogundanitsa mawaya kuti tione ngati moto ulipo. Kuthetheka kumodzi kokha kukhoza kuphulitsa batire, asidi n'kuwazikira kumaso.

Asidi akagwera pakhungu, vulani chovala chomwe chanyowa ndipo tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 20. Akalowa m'diso, tsegulani chikope ndi zala n'kumathira madzi mosalekeza kwa mphindi 20, kenaka thamangirani kuchipatala ngakhale ululu utachepa. Musathire soda, mkaka, mafuta kapena mankhwala azitsamba m'diso. Mwana akamwa asidi musamusanzitse, chifukwa asidiyo amaotchanso pobwerera. Mutsukeni m'kamwa ndi kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo. Asidi kapena madzi a batire asasungidwe m'botolo la zakumwa. Kuno kotentha mwana waludzu safunsa.

Mtovu, mdani wosaoneka

Choopsa chachikulu chimadza batire likafa. Pochezera makomo takhala tikupeza mabatire akufa kuseri kwa nyumba, ena ataswedwa, ana akuseweretsa mapuleti. Taonaponso ena akusungunula mtovu pa mbaula, pabwalo pomwe amayi akupeta ufa, kuti apange zolemetsera maukonde ndi mbedza zokaphera nsomba ku dambo la Elephant Marsh.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Ana aang'ono ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu, chifukwa amakwawa m'fumbi, amaika zala m'kamwa, ndipo matupi awo amayamwa mtovu wambiri kuposa a akulu. Mtovu umaononga ubongo womwe ukukula, ndipo zomwe waononga sizibwerera. Mwana akhoza kuoneka wabwinobwino koma n'kumavutika kugwira za m'kalasi. Ena amachepa magazi, amamva m'mimba, amadzimbidwa, safuna kudya, ndipo mtovu ukachuluka amakomoka. Kwa akulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuononga impso. Umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo mayi akakhala woyembekezera umatuluka n'kufika kwa mwana wosabadwayo.

Izi si nthano. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa Novembala 2007 ndi Malichi 2008 chifukwa cha mtovu wochokera ku mabatire omwe anthu ankaswa ndi kusungunula m'mudzimo kuti apeze ndalama. Ku Owino Uhuru, mu mzinda wa Mombasa ku Kenya, anthu anadwala chifukwa cha fakitale yosungunula mabatire, mpaka mayi Phyllis Omido anatsogolera anzawo kumenyera nkhondo kuti itsekedwe, ndipo inatsekedwa mu 2014. Anansi athu a ku Kabwe ku Zambia akulimbanabe ndi mtovu wa m'nthaka ngakhale mgodi wa kumeneko unatsekedwa mu 1994. Mtovu suola. Ukalowa m'dothi la pabwalo panu, zidzukulu zidzaupeza.

Tsono batire lakufa musaliswe, musalitenthe, musalitaye m'chimbudzi, m'dzenje kapena mumtsinje, ndipo asidi wake musamukhuthulire pansi. Lisungeni lathunthu, choimirira, posafika ana, ndipo pokagula latsopano mupite nalo. Ogulitsa ena amalandira lakale n'kutsitsako mtengo. Mukaligwira, sambani m'manja ndi sopo musanadye kapena kunyamula mwana. Ogwira ntchito ya mabatire asinthe zovala asanalowe m'nyumba, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Poto yemwe anasungunuliramo mtovu asaphikirenso chakudya. Ngati mwana wanu wakhala akusewera pamalo otere, auzeni achipatala mosabisa kuti amuone ali ndi chithunzi chonse.

Apa m'pamene kasungidwe kabwino kamakumanirana ndi umoyo. Batire lomwe likanatha zaka zitatu likafa m'chaka chimodzi, banja limaluza ndalama katatu, ndipo mudzi umalandira mabatire akufa atatu m'malo mwa limodzi.

Zomwe tasintha

Pa mpingo pathu tsopano pali kabuku komwe kamakhala ndi a dikoni. Sande yoyamba ya mwezi uliwonse, iwo ndi achinyamata awiri amayeza batire la mpingo, n'kulemba tsiku ndi zomwe kamita kawerenga. Akatero amadzera kwa a mkulu a mpingo kukayendetsa galimoto ija pa msewu wa M1 n'kubwerera. Amayi a Dorika, akamayendera odwala ndi okalamba, amafunsanso pomwe batire limagona, ndipo angapo alitulutsa kale kunsi kwa bedi.

Timaphunzitsa za ukapitawo, ndipo nthawi zambiri maganizo athu amathamangira ku chakhumi ndi zopereka. Komatu ukapitawo umafikanso pa katundu yemwe tagula ndi thukuta la thonje ndi mapira, pa nthaka yomwe ana athu amaseweramo, ndi pa matupi omwe Mlengi anatibwereka. Fanizo la anamwali khumi pa Mateyu 25 timalidziwa tonse. Onse anali nazo nyale. Chomwe chinawasiyanitsa n'chakuti ena anakonzekera nthawi ikadalipo. Ifenso usiku wa Epulo uja galimoto tinali nayo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lero lomwe, dzuwa lisanalowe, pitani mukalione batire lanu.